Kodi magulu a zisudzo odzipaka makala kumaso a nthawi ya atsamunda aja tiziwatenga bwanji?

Chatsalira:

Abale anga odziwa mbiri ya zisudzo ndithandizeni, nkhani iyi ikundizunguza mutu. M'nthawi ya atsamunda, kuyambira cha m'ma 1890 mpaka m'ma 1950, ku Gold Coast komwe pano ndi ku Ghana, ku Nigeria ndi ku South Africa kunali timagulu ta anthu akuda timene tinkayenda m'matauni kuchita makonsati, kuimba, kuvina gule wogogoda nsapato uja, nthabwala ndi timasewero tifupitifupi. Ambiri sanali oti zisudzo ndiye ntchito yawo ayi, masana anali aphunzitsi, makalaliki, matelala, ena apolisi kumene, usiku kapena pa wikendi ndi pomwe ankakwera siteji. Zimenezo sizikundivuta. Chikundivuta ndi zithunzi zawo. Munthu wakuda kale koma wadzipakanso makala nkhope yonse, pakamwa wazunguliza zoyera, magolovesi oyera, jekete la mchira, chipewa chachitali, ndendende mmene azungu a ku America ankachitira akafuna kunyoza anthu akuda.

Ndiye funso langa lili pawiri. Choyamba, anthu amenewa ankadziwa kumene chinthuchi chinachokera kapena ankangotengera poti chabwera ndi sitima? Chachiwiri, ndalama ankapezamo zokwanira kapena kunali kungokonda basi? Chifukwa mabuku ena amawatamanda kuti ndi amene anayambitsa zisudzo zamakono za mu Africa pomwe ena amangowadumpha ngati akuchita nawo manyazi, ndipo ineyo mtima wanga uli pakati, ndikufuna kuwalemekeza koma nkhope zijazi zikundiwawa.

Mphunzitsi Wopuma:

A Chatsalira mwafunsa bwino, ndiyambe ndi kumene zinachokera kenako ndikambe za ku South Africa poti ndi zimene ndinaziwerenga kwambiri.

Chiyambi chake ndi choipa, pamenepo tisabisane. Cha m'ma 1830 mzungu wina wa ku America dzina lake Thomas Rice anatchuka ndi kuvina atadzipaka nkhope, akudzitcha Jim Crow, ndipo dzina lomwelo ndi limene pambuyo pake linapatsidwa kwa malamulo a tsankho a kumwera kwa America. Mu 1843 ku New York kunabadwa gulu la Virginia Minstrels, kenako la Edwin Christy, ndipo iwowa ndi amene anakhazikitsa kachitidwe kake, amuna kukhala pamipando mozungulira ngati mwezi wongooneka kumene, pakati bwana wolankhula Chingerezi chapamwamba, kumapeto uku wa tambolini uku wa mafupa ogogoda, ndiye banjo ndi vayolini. Chodzipaka chija chinali chitsekerero cha botolo chowotcha n'kuchisakaniza ndi madzi kapena mafuta. Nthawi imeneyo ukapolo unali usanathe ku America, ndiye uthenga wake unali woti kapolo ndi munthu wosangalala, waulesi, wopusa, wongodziwa kuvina. Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865 anthu akuda nawo anayamba kupanga magulu awo ndipo eni maholo ankawakakamiza kudzipaka chimodzimodzi poti oonera anali atazolowera zimenezo, ngakhale katswiri wamkulu ngati Bert Williams ankadzipaka.

Ku South Africa zinatchuka kuyambira mu 1862, gulu lina lotchedwa Christy Minstrels litafika ku Cape Town n'kuzungulira matauni a azungu. Zinawagwira mtima azungu akumeneko moti tauni iliyonse inayamba kukhala ndi kagulu kake ka anyamata a m'masitolo, asilikali ndi a m'maofesi odzipaka makala pa wikendi, ku Kimberley ku migodi ya dayamondi ndiye osanena. Anthu akuda ankaonera chapatali kapena ali kumbuyo kwa holo.

Koma chimene chinasintha zinthu ndi kubwera kwa Orpheus McAdoo mu 1890. Ameneyu anali munthu wakuda wa ku North Carolina, wophunzira ku Hampton Institute, ndipo anabwera ndi gulu lake la Virginia Jubilee Singers, amuna ndi akazi, ovala masuti ndi madiresi apamwamba, kuimba nyimbo zauzimu za akapolo m'mawu anayi. Anakhala mpaka 1892, anapita ku Australia, n'kubweranso mu 1895 kukhala mpaka 1898. Anaimbapo ngakhale pamaso pa Paul Kruger, pulezidenti wa Maburu a ku Transvaal. Tangoganizani mnyamata wa pasukulu ya mishoni yemwe moyo wake wonse wauzidwa kuti munthu wakuda malire ake ndi kukhala katekisiti kapena kalaliki, lero akuona munthu wakhungu ngati lake ali ndi kampani yakeyake, akulipira antchito, akukwera sitima ya pamtunda m'kalasi yabwino, azungu akumuombera m'manja. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Paulendo wachiwiriwo McAdoo anawonjezera nthabwala, magule ndi zina za minstrel, zisudzo za odzipaka nkhope zija, pa pologalamu yake poti nyimbo za tchalitchi zokha sizinkadzazanso holo, ndiye achinyamata akumeneko anatengera zonse pamodzi, kwaya ndi nthabwala ndi masuti ndi kuponda kwa miyendo, kwa iwo zonsezo zinali za akuda a ku America amene anachita bwino.

Mu 1891 kwaya ya anthu akuda a ku South Africa komweko inapita ku England n'kukaimbira Mfumukazi Victoria, mmodzi mwa oimbawo anali Charlotte Manye yemwe anadzadziwika kuti Charlotte Maxeke, anakathera ku America n'kutenga digiri ku yunivesite ya Wilberforce. Kenako kunabwera Reuben Caluza, mphunzitsi pa sukulu ya Ohlange imene anayambitsa John Dube, iyeyu pa holide ankatenga ana a sukulu kupita nawo ku Johannesburg kukachita makonsati osonkhetsa ndalama za sukulu, akuimba Chizulu pa kayimbidwe ka akuda a ku America kotchedwa ragtime kwinaku akuvina. Munthu yemweyu ndi amene anapeka nyimbo yodandaula za lamulo lolanda malo la 1913, ndipo mu 1930 anakajambula malekodi ku London ku kampani ya HMV. Makwaya a amuna a m'mahositelo a ku Durban, aja anadzabala kayimbidwe ka Chizulu kopanda zida kotchedwa isicathamiya, magolovesi oyera ndi masuti ofanana aja anachokera mu mzere womwewu.

Ndiye pa funso lanu loyamba, ine ndimaona kuti ku South Africa ophunzira ankadziwa ndithu za tsankho la ku America poti ankawerenga nyuzi ndipo ena anakaphunzira komweko, koma chimene ankachiona pa siteji chinali china, ankaona chitukuko cha munthu wakuda.

Nabanda wa Zisudzo:

Zikomo aphunzitsi, ine ndionjezere za ku Gold Coast chifukwa zithunzi zomwe a Chatsalira akunenazo ndikukhulupirira ndi za magulu oyendayenda a kumeneko otchedwa concert party, ndipo nkhani yake ndi yokoma kwabasi.

Amene amatchulidwa koyamba ndi Teacher Yalley, hedimasitala wa sukulu ya pulayimale ku Sekondi, yemwe cha m'ma 1918 ankachita zisudzo pa Empire Day, tsiku la pa 24 May lomwe ana a sukulu m'maiko onse olamulidwa ndi Britain ankaguba ndi kuimbira mfumu. Yalley ankavala mawigi, ndevu zomata, kudzipaka nkhope, kuimba ragtime ndi kuvina, zonse m'Chingerezi, oonera ake anali anthu apamwamba a m'tauni, maloya, amalonda, makalaliki akuluakulu ovala mataye, tikiti yake yodula. Ana a sukulu ankangosuzumira. Mmodzi mwa osuzumirawo anali Ishmael Johnson, yemwe dziko linadzamudziwa kuti Bob Johnson. Sekondi linali doko, amalinyero a ku Liberia ndi akuda a ku America ankabwera ndi magitala ndi nyimbo zawo, m'masinema munkaonetsedwa Charlie Chaplin kenako Al Jolson atadzipaka nkhope, komanso chapakati pa m'ma 1920 wamalonda wina wa ku Accra, Alfred Ocansey, anabweretsa ochita zisudzo awiri, mwamuna ndi mkazi, otchedwa Glass and Grant kudzachita makonsati m'holo yake ya kanema. Mnyamata uja anatola zonsezi.

Adakali pasukulu anapanga kagulu kotchedwa Versatile Eight, kenako mu 1930 anapanga Two Bobs and their Carolina Girl. Pamenepa ndi pomwe nkhani inakhota. Iwowa sanadikire kuitanidwa ndi mabwana a m'makalabu, anatsitsa mtengo wa pakhomo n'kuyamba kutsata anthu wamba, m'matauni a m'mbali mwa njanji, ku migodi ya golide ngati ku Tarkwa, m'midzi ya alimi a koko. Kumbukirani kuti pofika 1911 Gold Coast ndi imene inkatsogola pa dziko lonse pogulitsa koko kunja, ndiye nyengo yokolola alimi ankakhala ndi kangachepe m'thumba, ndipo njanji ya Sekondi mpaka Kumasi inali itatha kale mu 1903. Akafika pamudzi masana ankatuma mnyamata wovala chigoba kumaso, belu m'manja, chikwangwani pachifuwa, kuzungulira mudzi wonse ana akumuthamangira pambuyo, madzulo anthu adzaza bwalo la nyumba ya munthu kapena shedi yosungira koko, siteji ndi matabwa pamwamba pa migolo, kuwala kwake nyali.

Anthu a mu sewero anali atatu basi. Njonda yovala suti yolankhula Chingerezi chokhwima, dona yemwe anali mwamuna wovala diresi, wigi ndi nsapato za gogoda, ndiye Bob, wantchito wa m'nyumba, wodzipaka makala uja. Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna a Chatsalira mumvetsere. Ku America wodzipaka uja anali chitsiru chosekedwa ndi azungu. Ku Gold Coast m'holo munalibe mzungu, oonera onse akuda, ndipo Bob ndiye anali ngwazi yawo, ndiye amadya nsomba ya bwana bwana akuyang'ana kumbali, ndiye amadziwa chinsinsi cha dona, ndiye amatembenukira kwa anthu n'kuwatsinzinira diso n'kuyankhula Chifante pomwe bwana akupotokola lilime ndi Chingerezi. Wosekedwa weniweni anali njonda ija yodzitenga ngati mzungu. Anthu a Chiakani anali kale ndi Ananse, kangaude wa m'nthano zawo, wadyera, wochenjera, wabodza koma wokondedwa, ndiye Bob anangolowa m'malo mwa Ananse. Nkhope yopaka ija kwa mlimi wa koko inali chizindikiro choti uyu ndiye wanthabwala, za minda ya thonje ya ku Alabama iye sankazidziwa n'komwe.

Chapakati pa m'ma 1930 kunabadwa Axim Trio, Bob Johnson, Charlie Turpin ndi E.K. Dadson yemwe ankachita za dona, ndipo iwowa anayenda mpaka ku Nigeria mu 1935 limodzi ndi bandi ya Cape Coast Sugar Babies, kenako ku Sierra Leone, Liberia ndi Ivory Coast. Poyamba ankachita ngakhale sewero la kuvekedwa ufumu kwa George VI wa ku Britain, koma ndale zitatentha pambuyo pa nkhondo yachiwiri masewero awo anayamba kutamanda Nkrumah poyera, ndipo Dadson yemwe uja wovala diresi anadzakhala phungu wa nyumba ya malamulo. Mu 1952 E.K. Nyame ndi Akan Trio yake anaphatikiza bandi ya magitala ya highlife ndi sewero, Chingerezi n'kuchitaya, zonse m'chiyankhulo cha anthu. Pofika ufulu mu 1957 concert party inali zisudzo za fuko lonse. Ndiye ine sindingawachitire manyazi anthu amenewa ayi.

Kamtedza:

Pepani amayi a Nabanda ndi inu aphunzitsi, mwafotokoza bwino koma ine sindikugwirizana nanu kwenikweni. Tikuzikometsera kwambiri. Zoti oonera sankadziwa za Alabama sizikuchotsa poizoni m'chinthucho. Milomo yoyera yokulitsa ija inapangidwa dala kuti nkhope ya munthu wakuda izioneka yoseketsa, ndipo mwana amene wakula akuseka nkhope imeneyo china chake chimalowa mumtima mwake olo asadziwe mbiri. Komanso onani amene akusekedwa mwa ena mwa masewerowa, si njonda yokha, kawirikawiri ankasekanso munthu wakumudzi wosadziwa za m'tauni, wobwera kuchokera kumpoto kudzagwira ganyu, wosatha Chingerezi, ndiye kusiyana kwake ndi kotani, ndi tsankho lomwe lija langosintha mwini.

Ndipo musaiwale kuti atsamunda zinthuzi ankazikonda. Empire Day inali yawo, masukulu a mishoni ndi amene ankaphunzitsa ana nyimbo za m'minda ya akapolo pomwe magule a makolo akuwaletsa kuti ndi achikunja. Ku Johannesburg azungu ena okonda kudzionetsa achifundo pamodzi ndi eni migodi ankalimbikitsa makonsati ndi makanema m'makomponi kuti antchito asamaganize za sitalaka. Mwana woletsedwa ng'oma ya kwawo n'kupatsidwa banjo ndi makala sitinganene kuti anasankha yekha. Ku Britain komweko BBC inaonetsa pologalamu ya azungu odzipaka nkhope kuyambira 1958 mpaka 1978, maiko athu atalandira kale ufulu, ndiye muone mmene chinthuchi chinazikira mizu. Luso anali nalo, sindikukana, koma tizinena zonse.

Chatsalira:

A Kamtedza mwanena zomwe zinali kukhosi kwanga. Komabe mfundo ya amayi a Nabanda yoti wosekedwa anasintha yandigwira, chifukwa nthabwala imadalira kuti akuseka ndani ndipo akusekedwa ndani. Aphunzitsi, nanga za ku Cape Town zija anthu amaguba pa 2 January atapaka nkhope mpaka lero ndi mzere womwewu? Ndipo funso la ndalama lija palibe waligwira bwinobwino, ankadya chiyani anthuwa?

Wa Gitala Lakale:

Achimwene a Chatsalira za ndalamazo ndiyankhe ine, poti amene anaimbapo mu bandi amadziwa kuti siteji imakoma koma mphika suphika ndi m'manja moomba.

Chifukwa chachikulu chomwe ambiri ankakhalira mwendo uku mwendo uku, ntchito masana siteji usiku, sichinali kuchepa kwa luso, chinali lamulo ndi msika. Titenge Johannesburg. Lamulo la m'matauni la 1923 linkapatsa boma mphamvu yothamangitsa m'tauni munthu wakuda aliyense amene amuona ngati lova, ndipo pasi yako inkafunika kuonetsa kuti bwana wako ndani. Kunena kuti ndine woimba kwa wapolisi sikunkamveka ngati ntchito. Ndiye munthu ankagwiritsa ntchito ya masana, kaya ndi mesenjala, kaya kalaliki wa loya, kaya mphunzitsi, kuti pasi ikhale yoyera. Uku mabungwe a oimba achizungu ankatchinga kuti akuda asalembedwe m'mahotela ndi m'makalabu momwe munali ndalama zenizeni. Otsala ndi anthu ako omwe, amalipiro ochepa, ndiye tikiti sungaikweze.

Chinanso chosangalatsa, usiku kunali kafiyu, munthu wakuda wopezeka mumsewu popanda chikalata chapadera ankagona m'selo, ndipo mabasi ndi masitima usiku kunalibe. Ndiye anthu anapeza nzeru, konsati iziyamba 8 koloko madzulo mpaka pakati pa usiku, nyimbo, timasewero, gule wogogoda nsapato, kenako mipando ikankhidwire kukhoma bandi ilowe, dansi mpaka 4 koloko m'mawa pomwe anthu angathe kuyenda. Usiku wonse chitseko chotseka. Ndi mmene magulu a zisudzo ndi mabandi a jazi anakulira limodzi, Pitch Black Follies ya Griffiths Motsieloa inkayenda ndi Merry Blackbirds ya Peter Rezant, kunalinso Darktown Strutters ndi Jazz Maniacs, malo ake ngati Bantu Men's Social Centre yomwe inatsegulidwa mu 1924. Motsieloa mwiniyo anakaphunzira kalankhulidwe ka pa siteji ku London ndipo ankagwiranso ntchito yosaka oimba ku kampani ya malekodi ya Gallo, mkazi wake Emily anali katswiri wa piyano. Onani, ngakhale munthu wotchuka chonchi anali ndi ntchito ina pambali.

Ndalama ya pakhomo isanafike m'thumba mwa wosewera inkadutsa m'manja ambiri, lendi ya holo, bandi, osindikiza mapepala oitanira anthu, mayendedwe, zovala poti gulu lopanda yunifolomu yonyezimira anthu sankaliwerengera, ndiye otsalawo mugawane anthu khumi kapena kuposa. Mvula ikagwa kapena tsotsi akayambitsa ndewu pakhomo ndiye kuti mwagwira ntchito yaulere. Pa malekodi ankangopatsidwa kandalama kamodzi pa tsiku lojambula basi, lekodi igulidwe chotani iwo osaonanso kanthu.

A Kamtedza akunena zoona kuti akumudzi ankasekedwa, koma kunalinso gulu ngati Lucky Stars la mphunzitsi Esau Mthethwa ku Natal kumapeto kwa m'ma 1920, lomwe linkachita masewero m'Chizulu onena za moyo wa kumudzi, za ufiti, za kufunsira mbeta, ndipo amuna a m'mahositelo osowa kwawo ankadzaza holo kudzaona kwawo pa siteji. Ndiye sizinali mbali imodzi.

Amene anaonetsa kuti munthu ungathe kudumpha n'kukhala wa zisudzo basi ndi Hubert Ogunde wa ku Nigeria. Anayamba ngati mphunzitsi komanso woimba limba m'tchalitchi, kenako analowa upolisi, ndipo mu 1944 adakali wapolisi anakonza sewero la m'Baibulo loimba m'Chiyoruba losonkhetsa ndalama za mpingo wake wa Aladura, linaonetsedwa ku Glover Memorial Hall ku Lagos. Anthu analikonda moti posakhalitsa anavula yunifolomu n'kuyambitsa kampani yake, kulemba anthu ntchito pa malipiro. Kunali kulimba mtima koopsa, kusiya ntchito ya boma ya penshoni nthawi imeneyo abale ako ankakuona ngati wapenga. Ndipo sanachedwe kulimbana ndi atsamunda, sitalaka yaikulu ya antchito ya 1945 anaipangira sewero la Strike and Hunger, apolisi atawombera ndi kupha anthu 21 ogwira ntchito mu mgodi wa malasha ku Enugu mu 1949 anapanga Bread and Bullet, ndipo ku Kano analiletsa n'kumulipiritsa faindi. Iyeyunso kampani yake inadzatchedwa Ogunde Concert Party, ndipo kachitidwe koyamba ndi nyimbo ndi magule sewero lisanayambe n'kofanana ndi ka anyamata a ku Gold Coast aja. Wapolisi wa mfumu ya ku England kusanduka munthu amene apolisi omwewo akumutsekera holo, zonsezo m'zaka zosakwana khumi.

Ku Gold Coast moyo wa paulendo unali wowawa, gulu lonse pa lole imodzi pamwamba pa katundu, kugona pa mabenchi a m'holo momwe mwasewera, mawa tauni ina, ndipo makolo sankafuna mwana wawo akwatiwe ndi wa konsati poti ankawatenga ngati anthu oyendayenda opanda pokhala. Nyengo ya koko ikatha ambiri ankabwerera ku utelala, ukalipentala kapena kumunda kudikira chaka china.

Mphunzitsi Wopuma:

Za ku Cape Town a Chatsalira, inde pali ubale koma muzu wake ndi wakale kuposa ma minstrel. Akapolo a ku Cape ankapatsidwa mpumulo nthawi ya chaka chatsopano ndipo ankayenda m'misewu ndi nyimbo, ukapolo unathetsedwa pa 1 December 1834 ngakhale anawasungabe mokakamiza mpaka 1838. Magulu a ku America atabwera, anthu a m'madera a District Six ndi Bo-Kaap mu Cape Town anatengako banjo, majekete owala, maambulera ndi kupaka nkhope n'kuziphatikiza ndi ng'oma yawo ya ghoema ndi nyimbo zawo zanthabwala za Chiafrikaans. Mpikisano woyamba wokonzedwa bwino unachitika mu 1907 ku Green Point. Amenewanso ndi anthu a ntchito zawo, asodzi, omanga nyumba, osoka m'mafakitale, chaka chonse kusonkha pang'onopang'ono ndalama ya yunifolomu, telala wa gulu kusoka usiku ndi usiku December yense. Mkangano womwe uli pano pakati pa a Kamtedza ndi amayi a Nabanda unaliponso pakati pawo, ophunzira ndi andale ambiri a m'dera lomwelo ankadana nazo kuti zikutsitsa ulemu wa anthu pamaso pa azungu, pomwe ovinawo ankati tsiku limeneli ndi lokhalo lomwe misewu ya mzinda imakhala yathu. Boma la tsankho litalengeza mu 1966 kuti District Six ndi ya azungu n'kugwetsa nyumba, anthu omwazikana ku Cape Flats ankabwererabe ndi magulu awo. Masiku ano ambiri amapaka mitundu yowala ndi zonyezimira m'malo mwa chakuda ndi choyera chija.

Nabanda wa Zisudzo:

Ndibwerenso pang'ono poti pali mbali ina sitinaikhudze, ya amayi. A Kamtedza mfundo yanu ya kuseka akumudzi ndi obwera ndaimva ndipo ndi yoona, ndingowonjezera kuti amene ankalakwiridwa kwambiri m'masewero a concert party ndi akazi. Poti mkazi kukwera siteji usiku n'kumayenda pa lole ndi amuna ankamutenga ngati woyendayenda, mbali zonse za akazi ankachita amuna kwa zaka zambiri, ndiye mkazi wa pa siteji anali mkazi mmene amuna amamuganizira, mtsikana wa m'tauni wokonda ndalama, mayi wopeza wankhanza wozunza mwana wamasiye, mkazi wa sukulu wosatha kuphika. Akazi enieni anayamba kulowa mochuluka ufulu utabwera kale, cha m'ma 1960 kupita mtsogolo. Ena mwa amuna ochita za akaziwo anali akatswiri zedi, mawu okwera, kayendedwe, kamangidwe ka nsalu, moti amayi oonera ankalira nawo pa nyimbo za amasiye n'kumakwera pa siteji kukawapatsa ndalama, buledi kapena malalanje, pomwe wochita za mayi wankhanza ankatukwanidwa ndi holo yonse.

Ogunde naye vuto lomweli linamupeza, ankalengeza mu nyuzi kuti akufuna atsikana oti awalembe ntchito ya zisudzo koma makolo ankakaniza ana awo, ndipo amene abwera akakwatiwa mwamuna ankawaletsa kupitiriza. Njira yomwe iye anatenga ndi yokwatira ambiri mwa akazi a m'gulu lake, kampani n'kukhala banja, ndipo eni magulu ena a Chiyoruba anadzatengera zomwezo. Ku Johannesburg kunali kosiyanako, akazi ankaimba ndi kuvina pa siteji kuyambira m'ma 1930, Emily Motsieloa uja anali ndi gulu lake la atsikana okhaokha. A Chatsalira mukamayang'ananso zithunzi zija muonetsetse bwino dona waima pakatiyo, manja ndi khosi, nthawi zambiri ndi bambo wa ana ake.